Chiwaya, sangweji ndi lesitilanti ku Zomba: mbale ikamakwera mtengo, zakwathu zimachepamo

Munthu wofuna kuweruza mwachilungamo za chakudya chophikaphika chimene chimagulitsidwa mu mzinda wa Zomba ayenera kuyamba wazungulira mu msika waukulu m'mawa, chifukwa ndi mmenemo mmene angaone zimene ophika a mu mzinda muno ali nazo pafupi. Kuchokera kuphiri, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, kumatsika mbatatesi, kabichi, magalagadeya, mabulosi ndi masitirobere. Kuchokera ku nyanja ya Chilwa, kudzera pa doko la Kachulu, kumabwera matemba, makumba ndi milamba yowamba. Mpunga umachokera ku masikimu a Likangala ndi Domasi, pamene midzi ya ku Thondwe, ku Jali, ku Songani ndi ku Mayaka imatumiza tomato, anyezi, nandolo, chinangwa, nthochi ndi mapeyala malinga ndi nyengo. Ndi malo ochepa m'dziko muno amene ali ndi phiri lozizira kumtunda ndi dambo la mpunga ndi nsomba kumunsi, zonsezo pa mtunda woti wapanjinga n'kufika nazo mu msika zisanafote. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti chuma chonsechi chimaoneka bwino m'mbale za mtengo wotsika, ndipo munthu akamakwera kupita ku malo odula, chimanka chizimiririka mpaka m'mbale mumatsala zinthu zimene mungadye mu tauni ina iliyonse.

Ndiyambe ndi chiwaya, chifukwa ndicho chimadyetsa anthu ambiri kuposa khitchini ina iliyonse mu mzinda muno. Ziwaya mumazipeza pafupi ndi depoti, m'mbali mwa msika, ku Chinamwali, ku Matawale, ku Mpondabwino, ku Sadzi ndi ku Chikanda kumene kumakhala ophunzira ambiri a ku yunivesite. Kapangidwe kake n'kamodzimodzi paliponse: chitsulo chachikulu chosulidwa ndi dzenje pakati, chokhazikidwa pa ng'anjo, moto wa nkhuni pansi. Mafuta amakhala m'dzenjemo, ndipo m'mphepete mwake ndi mmene amaunjika zimene zapsa kuti mafuta azitsikira pakati, chakudyacho chikadali chofunda. Kunena zoona, chiwaya si malo okongola. Pali utsi, pali mwaye, ndipo nthawi yamvula mumaima m'matope. Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya chiwaya ndi yakuti palibe chobisika. Mbatatesi imasendedwa mukuona, imadulidwa mukuona, imalowa m'mafuta mukuona, ndipo ngati wokazingayo wagwira ndalama ndi dzanja lomwelo limene akudulira kabichi, zimenezonso mwaziona nokha.

Wokazinga wodziwa ntchito yake amakazinga tchipisi kawiri. Poyamba amachiphika m'mafuta mpaka chifewe mkati, n'kuchikankhira m'mphepete, ndipo kasitomala akafika ndi pamene amachibwezera pa mafuta otentha kwambiri kuti kunja kuume pang'ono. Waulesi amangotapa pa mulu umene wakhala pamphepo kuyambira m'mawa, ndipo tchipisi chotero chimakhala cholobodoka, chomata kukamwa. Pali mnyamata wina wa pafupi ndi depoti amene ndimamuyamikira pa chifukwa chimenechi. Munthu ukamufunsa kuti, "Achimwene, chimenechi n'cha nthawi yanji?" iye sakangana nawe, amangoti, "Dikirani pang'ono bambo, ndikutenthetsereni," n'kusonkhezera chikuni, n'kukankhira tchipisi m'dzenje ndi chipande chake chobowolabowola. Chikayamba kufiira m'mphepete amachivuula, amachigwedeza kuti mafuta akhe, amachisunthira kumbali kwako kwa chiwaya pamodzi ndi kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola, kenaka amaponyapo tizidutswa tiwiri ta basera osanena kanthu. Muyeso wake ndi diso basi, koma anthu amene amadya pamenepo tsiku ndi tsiku amaudziwa muyesowo, ndipo akauchepetsa amamuuza pomwepo.

Mbatatesi ikakwera mtengo, makamaka imene imachokera ku Tsangano ndi ku Dedza ikachepa, ambiri amatembenukira ku chinangwa ndi mbatata, ndipo ine sindiona ngati kumeneko n'kutsika. Chinangwa cha manyokola chokumbidwa dzulo, chokazingidwa mpaka kung'aluka pakati, n'kuthiridwa tsabola wa kambuzi, chimaposa tchipisi cha mbatatesi yophukira imene imatsekemera moipa ndi kuda msanga m'mafuta. Chimakhalitsanso m'mimba, ndiye chifukwa chake akabaza ndi onyamula katundu mu msika amachikonda.

Vuto lalikulu la chiwaya ndi mafuta, ndipo pamenepa ndi pamene munthu ayenera kutsegula maso. Mafuta ophikira akhala akukwera mtengo kwa zaka zingapo, ndipo chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wokazinga aliyense amawerengera dontho lililonse. Zotsatira zake n'zakuti mafuta a dzulo sataya. Amawasefa pa kansalu, amawasunga m'chigubu, ndipo m'mawa amangowonjezerapo atsopano pang'ono. Akatero masiku angapo, mafutawo amada ngati oyilo wa m'galimoto, amachita thovu mbatatesi ikangolowamo, amafuka utsi moto usanakule n'komwe, ndipo tchipisi chake chimasiya kuwawa kwina kwake kukhosi kumene sikuchoka ngakhale mutamwa madzi. Mafuta ofika pamenepo si abwino m'thupi, ndipo achipatala akhala akuchenjeza za kuwatenthetsa mobwerezabwereza. Njira yosavuta ndiyo kuyang'ana m'dzenje musanagule: ngati pansi pa chitsulo pakuoneka kudzera m'mafutamo, gulani, ngati sipakuoneka, pitani pa chiwaya china, poti sizikhala motalikirana. Chiwaya chimene chili ndi anthu ambiri ndicho chimakhala ndi mafuta abwinoko, osati chifukwa mwini wake ndi wachifundo, koma chifukwa tchipisi chochuluka chimamwa mafuta msanga ndipo amakakamizika kuthira atsopano.

Za kanyenya ndinene mwachidule kuti wa mbuzi ndiye wodalirika, makamaka pamene nyama yakoloweka poonekera ndipo mumaloza nokha pamene akuduleni. Chiwindi ndi nthumbwana zimatha msanga, choncho wozifuna afike dzuwa lisanapendeke. Popeza Zomba ili ndi Asilamu ambiri, nkhani ya amene wazinga mbuzi si yaing'ono, ndipo ogulitsa amadziwa kuti akaiphonya ataya theka la makasitomala. Nyama ya nkhumba imakazingidwa pa chiwaya chakechake, kumbali kwakekwake, ndipo mwambo umenewu umalemekezedwa popanda chikwangwani chilichonse. Mang'ina ndi nkhani ina: amafuna moto wa maola ambiri, ndipo amene amawaphika bwino amadziwika ndi msuzi wogwira milomo, osati wamadzimadzi wothiridwa ufa kuti ulimbe.

M'mawa mumakhala mwa amayi oyenda ndi ndowa zovundikira. Pa zonse zimene amagulitsa, zitumbuwa ndizo zasunga ulemu wake, chifukwa nthochi yakupsa ndi ufa wa mgaiwa n'zakonkuno, ndipo chitumbuwa cha ku Zomba chimakhala cholemera m'dzanja, chotsekemera ndi nthochi yeniyeni osati ndi shuga. Mandasi ndiwo avutika. Tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa, ufa wake umakwera. Mayi wogulitsa sangakweze mtengo mwezi uliwonse, choncho amachepetsa mtanda n'kuwonjezera chotupitsa, mwakuti mandasi a masiku ano ndi chikopa chokha chokuta mpweya. Zibwente ndi zigege zimakoma zikangochoka pamoto, koma zikakhala m'ndowa yotseka mpaka masana zimachita thukuta, ndipo pamenepo n'kwabwino kungogula mbatata yophika kapena chimanga chootcha.

Nkhani ya ukhondo siyenera kuzembedwa, makamaka kwa ife amene tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kuchititsa makhonsolo kuletsa malonda a zakudya zophikaphika m'misewu. Koma ndi bwino kudziwa pamene pagona ngozi. Chimene changotuluka m'mafuta owira sichikhala ndi vuto la mtundu umenewo. Choopsa ndi chimene sichinaone moto. Saladi wa kabichi ndi tomato amene amadulidwa m'mawa n'kukhala pa mbale yosavundikira, madzi a m'beseni limodzi amene atsukira mbale za anthu onse kuyambira m'mawa, ndi thobwa losungunulidwa ndi madzi osadziwika kochokera, zimenezo ndizo zimadwalitsa. N'zomvetsa chisoni kuti mzinda umene uli ndi madzi abwino ochokera ku damu la Mulunguzi ulibe mipopi yokwanira pamalo pamene anthu amadyera, mwakuti wokazinga amadalira ndowa ziwiri zimene wina wamutungira. Amene aika ndowa ya kampopi ndi sopo pambali pa chiwaya ayenera kuyamikiridwa, ndipo njira yomuyamikira ndiyo kugula kwa iyeyo.

Chakudya chimene ndimachiika patsogolo pa zonse mu mzinda muno chili pakati pa msewu ndi lesitilanti, m'timalo ta chiimilire ndi tizipinda ta nsima ta m'mbali mwa msika. Kumeneko kulibe menyu. Pali mapoto pa mbaula, ndipo mayi wophika amavundukula imodzi ndi imodzi kuti muone. Ndi kumeneko kumene mungapeze matemba a ku Chilwa okazingidwa pang'ono kenaka n'kuphikidwa ndi tomato mpaka msuzi utagwirana, mlamba wowamba umene utsi wake walowa mpaka mu msuzi, nkhwani wotendera ndi nsinjiro zosinjidwa tsiku lomwelo, therere, chisoso, ndi nandolo wamuwisi pa nyengo yake. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mayiyu alibe filiji, choncho amagula m'mawa zimene aphike masana, ndipo amagula zimene zachuluka mu msika tsikulo chifukwa ndizo zotsika mtengo. Umphawi wa khitchini yake ndi umene umamukakamiza kuphika zatsopano ndiponso za nyengo yake.

Pali mayi wina kuseri kwa mabenchi a masamba amene kaphikidwe kake ka nsima n'koyenera kukaonerera. Poto wake ndi wamkulu moti amavundula ndi manja awiri ataimirira, phazi limodzi litaponda m'mphepete mwa mbaula, ndipo akamaliza amaivundikira kanthawi kuti ipse ndi nthunzi yake asanayambe kuomola. Amaviika chipande m'madzi, amaomola mtanda wosalala wopanda mibulu, n'kufunsa kuti, "Ya ufa woyera kapena ya mgaiwa, bambo?" Mtsikana womuthandiza amabwera ndi jagi ndi beseni kukuthirirani madzi osamba m'manja, osati kukupatsani beseni limene asambamo ena. Mukapempha msuzi wowonjezera amakuthirirani popanda kuwerengera. Malo ake ndi benchi ndi tebulo lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo mumakhala phewa ndi phewa ndi kalaliki wa m'boma, wapolisi ndi wogulitsa makala, koma ndiwo zake zimaposa za malo ambiri amene ali ndi nsalu zoyera patebulo. Chofunika n'kusunga nthawi: nsima ya kumeneko ndi ya pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko, ndipo wofika mochedwa amapeza ndiwo zabwino zatha, kwatsala nyemba ndi mitanda yoyamba kuuma pamwamba.

Matemba amenewa sakhalapo nthawi zonse. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira mvula ya chaka ndi chaka. Inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso. Zikatero nsomba zake zimasowa kwa nthawi, ndipo mapoto a mu msika amadzaza ndi usipa ndi bonya wochokera ku Mangochi. Ophika oona mtima amakuuzani okha kuti lero ndi usipa, ndipo mtengo nawo umasintha moyenera.

Tsopano sangweji, imene mwa zakudya zonse zimene ndikunena pano ndiyo yofooka kwambiri. Imene imapezeka m'mafiliji a m'masitolo ena ndi pamalo ena omwetsera mafuta galimoto, yodulidwa pakati n'kukutidwa ndi pulasitiki, sindingailangize kwa munthu aliyense. Buledi wake ndi woyera uja wofewa amene ukamufinya amasanduka kamtanda, mkati mwake mwapakidwa majarini, mwaikidwa kachidutswa kopyapyala ka poloni kapena ka tchizi, ndi tomato amene madzi ake alowerera mu buledi mpaka kunyowa. Tsiku limene inapangidwa nthawi zambiri silinalembedwe, ndipo m'dziko limene magetsi amazimazima, chakudya chozizira chimene chili ndi nyama kapena mazira mkati chimafuna kuti munthu adziwe kuti chakhala maola angati. Ndalama imene mungalipire pa kanthu kameneka ingakugulireni nsima ya matemba ku msika n'kutsalako ya thobwa.

Sangweji ya mu lesitilanti, ya magawo atatu a buledi wowotcha ndi nkhuku, dzira ndi mayonezi, yolasidwa ndi kamtengo, ndi yabwinoko chifukwa imapangidwa mutaitanitsa, koma nayonso ndi yokopera. Imabwera ndi mulu wa tchipisi umene ntchito yake ndi kudzaza mbale kuti mtengo uoneke woyenera, ndipo nkhuku yake kawirikawiri ndi yotsala ku mphika wa dzulo, yonyenyedwa n'kubisidwa m'mayonezi. Chimene sindimvetsa n'chakuti m'miyezi imene mapeyala amachuluka mu msika mpaka kuwolera pansi, ndi malo ochepa kwambiri amene amaganiza zoika peyala mu buledi, pamene m'nyumba zathu ana amadya buledi wa peyala ndi kamchere m'mawa uliwonse. Chiponde cha mtedza wakonkuno, nthochi, uchi, ngakhale nsomba yowamba yochotsedwa minga n'kusakanizidwa ndi anyezi ndi kambuzi, zonsezi zikanatha kupanga sangweji yoti mlendo n'kuikumbukira, koma palibe amene amazilemba pa menyu.

Sangweji yabwino kwambiri imene ndaidya ku Zomba siitchedwa n'komwe ndi dzina limenelo. Ndi ija ya ophunzira a ku Chikanda, amene amagula banzi pa okala, n'kupita nayo pa chiwaya, n'kupempha kuti awakazingire dzira ndi anyezi ndi tomato m'mphepete mwa chitsulo. Wokazinga amang'amba banziyo pakati, amaigoneka pa chitsulo chotentha kuti imwe timafuta, amalowetsamo dziralo pamodzi ndi tchipisi pang'ono, n'kuwaza tsabola. Ndi yotentha, ndi yokhutitsa, mwaiona ikupangidwa, ndipo mtengo wake ndi wa wophunzira amene ndalama ya mwezi yatsala pang'ono kutha.

Kuti timvetse malesitilanti a mu mzinda muno, tiyenera kufunsa kuti amadyamo ndani. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalira kuno mpaka 1994. Chichokereni aphungu ndi akuluakulu a m'maunduna, makasitomala okhazikika ndi aphunzitsi ndi ogwira ntchito a ku yunivesite, imene inabwera ku Chirunga mu 1973 ndi dzina la Chancellor College, ogwira ntchito ku MANEB, ku National Statistical Office ndi ku makhothi, asilikali a ku Cobbe Barracks, amabungwe amene amachititsa misonkhano, ndi alendo okwera kuphiri kapena odutsa pa msewu wa M3 kupita ku Liwonde ndi ku Mangochi. Anthu amenewa sabwera mofanana tsiku lililonse. Kumapeto kwa mwezi, pa tsiku la msonkhano kapena pa mwambo wopereka madigiri malo amadzaza, koma pakati pa mwezi mukhoza kupeza matebulo onse ali mbee. Mwini lesitilanti amene sadziwa ngati lero kubwera anthu asanu kapena makumi asanu amadalira filiji, ndipo filiji ndiyo imalamula zimene zikhale pa menyu: nkhuku yachizungu, nyama ya ng'ombe, soseji ndi chambo chowumitsidwa ndi ayezi.

Ndicho chifukwa chake menyu za malo ambiri zimafanana. Zimakhala zazitali, za masamba angapo, zolembedwa m'Chingerezi, zolonjeza pizza, burger, spaghetti ndi nyama za mayina osiyanasiyana, koma mukayamba kuitanitsa mumamva yankho limene aliyense wa ku Zomba amalidziwa. Pa lesitilanti ina ya pakatikati pa tauni, mtsikana woperekera zakudya anapita kukhitchini kukafunsa, n'kubwerako ndi mawu akuti, "Pepani bambo, chimenecho chatha." Nditasankha china anapitanso, n'kubwera ndi yankho lomwelo, mpaka ndinafunsa kuti, "Nanga chilipo n'chiyani, achemwali?" Iye mwaulemu wonse anati, "Nkhuku ndi tchipisi, kapena nkhuku ndi mpunga." Mlandu si wake, iye sanauzidwe m'mawa zimene zili m'khitchini. Kenaka pamabwera kudikira, kumene nthawi zina kumayandikira ola lathunthu, chifukwa nkhukuyo iyenera kuyamba yasungunuka, ndipo ikasungunulidwa mofulumira pamoto imapsa kunja pamene pafupa padakali pofiira. Kwa wogwira ntchito amene ali ndi ola limodzi lopuma masana, kudikira kotereku kumatanthauza kubwerera ku ofesi mochedwa kapena kusiya chakudya chimene walipira kale.

Chambo ndicho chimaonetsa bwino vuto limeneli. Chimakhala chodula kuposa china chilichonse pa menyu, pa chifukwa chomveka, poti chambo chachepa m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe ndipo chimayenda ulendo wautali kuti chifike kuno. Chikakhala chatsopano n'chokoma, ndipo pali malo amene amachiwotcha bwino chotsegula pakati. Koma chimene chagona nthawi yaitali mu ayezi, n'kusungunuka magetsi atazima, n'kuumanso atayaka, mnofu wake umauma n'kumanyotsoka, ndipo ndimu ngakhale Nali sizingachikonze. Pamene zili chonchi, makumba akugwidwa ku Chilwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha, ndiponso ku Domasi kuli malo a boma ophunzitsira ndi kufufuzira ulimi wa nsomba, ndipo alimi ozungulira ali ndi maiwe awo. Nsomba imeneyo ndi yapafupi, ndi yotsika mtengo, ikhoza kufika m'khitchini tsiku lomwe yagwidwa, koma simudzaiona yolembedwa pa menyu chifukwa dzina lake silimveka lapamwamba.

Masamba nawo amachitiridwa chipongwe chomwecho. Pambali pa nyama amaikapo kasupuni kamodzi ka repu kapena kabichi wophikidwa mpaka kutaya mtundu, ngati kuti akungokwaniritsa lamulo. Mukafunsa chakumwa cha zipatso amakubweretserani cha m'katoni chochokera kunja, pamene anyamata ali pa msewu wokwera ku Ku Chawe ndi timadengu ta magalagadeya ndi masitirobere akuthamangira galimoto iliyonse. Mpunga umene umanunkhira mu msika, ukafika m'mbale za malo ena umakhala wosankhidwa wotsika mtengo, wosweka, wophikidwa m'mawa n'kumangotenthetsedwa.

Mlandu wonse sindingauike pa eni malesitilanti, chifukwa ifenso odya tili ndi mbali yathu. Ambiri mwa ife tikalowa pamalo pamene pali nsalu patebulo timafuna kudya chimene sitidya kunyumba, ndipo tikaona matemba pa menyu timati atinyoza, kapena timafunsa chifukwa chimene tilipirire ndalama zambiri pa ndiwo za kumudzi. Pa misonkhano ya mabungwe, wokonza chakudya akaika nandolo ndi therere m'malo mwa nkhuku, madandaulo amafika kwa okonza msonkhano tsiku lomwelo. Wophika amaphika chimene chimagulidwa. Chochititsa manyazi pang'ono n'chakuti malo amene amagwiritsa ntchito kwambiri zokolola za kuphiri ndi ena mwa aja a m'mbali mwa msewu wokwera kumtunda amene amalandira alendo ochokera kunja, chifukwa alendowo ndiwo amafunsa za zipatso ndi masamba a konkuno. Kumeneko menyu imakhala yaifupi, nthawi zina yolembedwa pa bolodi ndi choko, ndipo chimene chalembedwa chimakhalapodi. Koma mitengo yake si ya munthu wolandira malipiro a m'boma.

Pali zimene lesitilanti imapereka zimene chiwaya ndi chiimilire sizingapereke, ndipo zimenezo n'zoyenera kulipiridwa. Pali mpando, pali mthunzi, pali mpopi ndi chimbudzi, pali bata loti anthu n'kukambirana nkhani ya ntchito kapena ya banja, ndipo pali lisiti kwa amene ayenera kukaonetsa ku ofesi. Apongozi akabwera kudzaona mwana wawo akulandira digiri simungawaimike pa chiwaya, ngakhale tchipisi chake chitakoma bwanji. Zomba ilinso ndi mwayi wa nyumba zakale za makhonde aakulu ndi mitengo italiitali ya kufupi ndi Botanical Gardens, ndipo kukhala pakhonde lotero madzulo a mwezi wa Okutobala, kamphepo kakutsika kuphiri pamene m'tauni mukutentha, n'chinthu chimene chili ndi mtengo wake. Wopita kumeneko angodziwa kuti gawo lalikulu la ndalama yake likulipira malowo, ndipo achite zinthu ziwiri: afunse chimene chilipo asanatsegule menyu, ndipo ngati pali nkhuku ya lokolo yophikidwa kale mu mphika, asankhe imeneyo ndi nsima, chifukwa ndi chakudya chimene wophika wa kuno amachidziwa kuyambira ali mwana ndipo sichidikiritsa. Ndi bwinonso kufunsa ngati msonkho uli kale mu mtengo wolembedwawo, poti malo ena amauwonjezera pa bilu pomaliza.

Zomba imagona msanga poyerekeza ndi Blantyre, ndipo makhitchini ambiri a m'tauni amazimitsa moto usiku usanapite patali. Munthu wotsika minibasi yochokera ku Limbe kutada adzapeza tizipinda ta nsima tatsekedwa kale, malesitilanti akupukuta matebulo, ndipo chotsala chidzakhala chiwaya chowala ndi katochi kapena kababu ka sola. Pa ola limenelo mafuta amakhala atagwira ntchito tsiku lonse ndipo kabichi anadulidwa masana, choncho apemphe kuti amukazingire dzira ndi mbatatesi yodulidwa pomwepo, saladi amusiye, ndipo ngati pali chimanga chootcha pafupi, awonjezere chimenecho.